Mahedifoni a Apongozi

Mahedifoni akale a Wyson anafa pang'onopang'ono. Linayamba kutseka pakamwa ndi khutu lakumanzere. Analimanga ndi tepi, natsina waya pafupi ndi pulagi, likalankhula lero, mawa zii. Kenako lakumanja nalo linayamba kukhosomola. Ndipo nthawi yofera anachita kusankha, zinthu zopanda chisoni: mlungu womwewo umene Dave analengeza za mpando wachinayi.

Dave anali mwini kashopu ka magemu kuseri kwa depoti ya mabasi pa Balaka, ndiponso mtsogoleri wa timu imene imakonzekera kupita ku mpikisano ku Blantyre. Timuyo inkafunika anthu anayi. Atatu analipo kale. Mpando wotsalawo ankaulimbirana awiri, Wyson ndi Sammy.

"Sindikufuna zoti wina azidzati ndinakondera," anatero Dave. "Loweruka la mlungu wamawa mumenyane awirinu. Wopambana akwera nafe basi. Aliyense abwere ndi mahedifoni ake, chifukwa ku Blantyre kulibe zobwerekana."

Gemu yake inali ya asilikali osakana m'nyumba zogumuka. Mukaiona pa kompyuta mungati imafuna maso ndi zala basi. Iyayi. Imafuna makutu. Mdani asanaoneke amamveka kaye: mgugu wa nsapato pa masitepe, galasi losweka, chitseko cholira. Amene wayamba kumva mnzake ndi amene amakhala moyo. Zala za Sammy zinali zothamanga ngati za telala wa pamsika; iye anali mnyamata wongotuluka kumene sukulu, wosadziwa mtengo wa sopo. Koma makutu anali a Wyson. Ankatha kuima phee pakona, maso ali gwa, n'kunena kuti awiri akubwera kumanzere, wina ali pamwamba. Anyamata a m'shopumo ankasiya magemu awo kudzaima kumbuyo kwake.

Musaseke. Munthu amene anakulira pa ganyu ku Kalembo, kupalira thonje la anthu ena, lero n'kumakhalira kusindikiza mapepala a anthu ena pa shopu ya fotokope, nayenso amafuna malo amodzi pomwe dzina lake limatchulidwa mwaulemu. Kwa Wyson malowo anali amenewa. Ndipo nthawi inali itamuthera. Mkazi wake Zaina anali ndi pakati, ndipo Wyson analonjeza ndi pakamwa pake kuti mwana akabadwa, za magemu zithera pomwepo. Mpikisano wa ku Blantyre unali woyamba ndi womaliza.

Tsono anayamba kusaka mahedifoni. Ankadziwa bwino chimene ankafuna: aja a saraundi, amene amakuuza kumene phokoso likuchokera, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Akhale awaya, chifukwa opanda waya otchipa amachedwetsa mawu. Asakhale ndi bezi yambiri, chifukwa bezi imameza mgugu wa nsapato. Ndipo thumba lake likwanitse, poti thumbalo linali losazama.

Anayamba ndi mashopu a pa Balaka pomwepo. Ha! Wogulitsa aliyense nzeru yake inali imodzi. Amakuveka mahedifoni, n'kutsegula nyimbo mpaka pamapeto, mutu wako n'kumanjenjemera, iye akumwetulira.

"Mwaimva bezi imeneyo, bwana? Ngati muli pa dansi penipeni!"

Wyson ankangotulutsa foni yake. Munali kamawu koyesera, munthu woyenda mozungulira mutu wako. Akatsinzina n'kumvetsera, munthuyo m'malo mozungulira ankangopondaponda pakati pa mutu ngati akuponda dothi la njerwa. Pa bokosi analemba za saraundi ndithu, zilembo zikuluzikulu, koma m'kati munali bodza lokhalokha.

Anakwera minibasi mpaka pa Liwonde, nako chimodzimodzi. Mayi wina atamutulutsira achitatu anapsa mtima.

"Achimwene, mwabwera kudzagula kapena kudzayezetsa makutu? Chipatala chili uko."

Enieni analipo, ku Blantyre, koma mtengo wake Wyson ataumva anangoseka, kuseka kwa munthu amene wapsa ndi ndiwo. Ndiye mnzake wina wa m'gulu la magemu pa foni anamutumizira chithunzi. Mahedifoni akuda bii, osakongola n'komwe, waya wautali wokhala ndi kabokosi pakati. Anati iye amagwiritsa ntchito omwewo, amanena zoona, ndipo amapezeka motchipa m'mashopu a ku Cuamba, ku Mozambique. Wyson anachiyang'ana chithunzicho mpaka batire kutha. Anali omwewo. Koma ku Cuamba akafikako bwanji?

"Bwanji osawatuma ababa?" anatero Zaina, akusankha mpunga pa lichero. "Amapitako mlungu uliwonse."

Bambo ake a Zaina, a Uladi, anali Myao, Msilamu, wamalonda wodziwika pa Nayuchi, m'malire mwenimweni. Ankaoloka kukatenga mafuta ophikira ndi zitenje. Ankadziwikanso ndi chinthu china: sanafune kuti mwana wawo akwatiwe ndi Mkhristu, Mlomwe wa ku Kalembo wopanda ngakhale njinga. Ku ukwati sanabwere. Zaka zonsezi moni wawo kwa Wyson unkadzera mwa Zaina, ukakhalapo. Koma chimvereni zoti mdzukulu ali m'njira, mtima wawo unayamba kufewa. Anali atafunsako kawiri konse kuti, "Bambo wa kunyumbako ali bwanji?"

"Ine ndiwatume apongozi?" anafunsa Wyson. "Ndiwatume zamagemu?"

"Ndiwatuma ndine. Akondwera, muona. Munthu wamkulu amafuna kuti uzimufuna."

Zaina anaimba foni, natumiza chithunzi chija ndi ndalama. Wyson anaima pambali akunong'oneza kuti awauze kuti akhale omwewo, awaya, asasinthe. Zaina anawauza ndithu, m'Chiyao, kawiri. A Uladi anayankha kuti ako n'kanthu kakang'ono, ana abwere adzatenge okha, adzawaonenso amayi awo.

Anapita pa sitima. Kuchoka pa Balaka, kudutsa Nkaya ndi Liwonde, sitimayo ikuima paliponse pamene pali munthu ndi thumba. Kutentha kwake kosanena. Zaina anagona mutu uli pa phewa lake, koma Wyson tulo analibe. Ankangoganiza za kabokosi ka pa waya kaja.

Pa Nayuchi anawalandira bwino, bwino kuposa mmene Wyson ankayembekezera. Atadya, a Uladi anakhala pa mpando wawo pakhonde. Wyson anakhala pa mphasa chapambali, miyendo atapinda, maso ali pansi. Ndi mmene amakhalira mkamwini. Apongozi suwayang'ana m'maso, suwadula mawu, suwatsutsa. Akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri, kaya ndi nkhuku kaya ndi mwala. Wyson anadabwa kuona anthu oyandikana nawo nyumba akubwera mmodzimmodzi kudzakhala pakhondepo. Anali ataitanidwa.

A Uladi anatulutsa bokosi m'chikwama. Bokosi lalikulu, lonyezimira. Wyson atangoliona anadziwa kuti si aja.

"Aja munatumiza chithunzi aja ndinawaona," anayamba a Uladi, akulankhula mokweza kuti onse amve. "Ndinawagwira ndi manja angawa. Ndinachita manyazi. Akuda ngati mphika, chingwe chake ngati chomangira mbuzi. Ndinamufunsa mwini shopu kuti, kodi ulibe a anthu? Ndiye ananditulutsira awa."

Anatsegula bokosilo. Mahedifoni oyera mbee, akuluakulu, opanda waya. Anadina kabatani, ndipo makutu onse awiri anayamba kuyaka, kufiira, kubiriwira, kufiiranso, ngati minibasi ya mnyamata wongoyamba kumene kuyendetsa. Anthu pakhondepo anati, "Eeee!"

"Anandiveka m'shopu momwemo. Nyimbo yake inandigwedeza mpaka mano. Ndalama yanu inali yosakwana, koma ndinati palibe kanthu, ndiwonjezerapo yanga. Mkamwini wa Uladi asakaoneke wosauka pakati pa anzake." Anatambasula manja. "Landirani, mwananga."

Mwananga. Zaka zonsezi a Uladi anali asanamutchulepo Wyson ngakhale dzina. Zaina, ali pakhomo, anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Nanga munthu akanatani? Wyson anayenda chogwada, nalandira ndi manja awiri.

"Sikomo kwejinji, ababa," anatero, m'Chiyao chake chopereweracho. Anthu anaseka mokondwa, mayi wina mpaka kululutira.

"Ndipo sizithera pompa," anapitiriza a Uladi. "Ndili ndi makatoni a mafuta opita ku Balaka. Tikwerera limodzi sitima. Loweruka ndidzakhalapo, ndidzaone ndi maso anga mmene katundu wanga akugwirira ntchito."

Atangofika pa Balaka Lachisanu, Wyson anasiya alendo kunyumba nathamangira kwa Dave. Mwina, ankadziuza m'njira, mwina si oipa kwenikweni. Mwina mwini shopu uja sananame. Anawalumikiza ku kompyuta, nalowa m'gemu, naombera khoma. Mfuti inalavula moto pa sikirini. Phokoso linabwera pambuyo pake, mochedwa, ngati munthu woitanidwa amene amayamba wamaliza kaye kutafuna. Anamuuza Dave kuti alowe pa kompyuta ina ayende momuzungulira. Anatsinzina. Anamva kugunda kwa bezi, du, du, du, konsekonse ndi kulikonse. Kumanzere kapena kumanja, kutsogolo kapena kumbuyo, kaya.

Dave anayamba ndi kuseka. "Awa ndi a pa ukwati awa, amwene! Mwawatenga kuti?" Ataona nkhope ya Wyson analeka. Anamva nkhani yonse, napukusa mutu. "Mawa udzavale anga. Zobwerekana ndinaletsa, koma Sammy sangakane. Ukapambana tidzaona za ku Blantyre."

"Apongozi adzakhalapo."

"Ndiye?"

Dave anakulira m'tauni, ndipo anali wosakwatira. Wyson sanavutike n'kumufotokozera.

M'mawa wa Loweruka anamupeza Zaina kuseri kwa nyumba akutsuka makapu. A Uladi anali m'nyumba, akumwa tiyi, wailesi ikulira. Awiriwo ankalankhula monong'ona.

"Sakugwira ntchito," anatero Wyson. "Amachedwa. Ndikavala amenewa ndaluza ndisanayambe."

"Koma akulira bwinobwino. Ndawamva ine."

"Kulira si nkhani, Zaina! Ndinanena kuti awaya. Unawauza. Anamva. Anangoona kuti nzeru zanga n'zachibwana."

"Tsitsani mawu." Zaina anaika kapu pansi. "Ababa agona m'nyumba mwathu. Adya chakudya chophika ine, pa mbale zanu. Mukudziwa zaka zimene ndadikira zimenezi? Dzulo amauza anthu m'sitima monse kuti mkamwini wawo akupita ku Blantyre. Mukakawavula mahedifoni amenewo pamaso pawo n'kuvala a munthu wina, mwawavula chisoti pagulu. Sadzapondanso pano. Ndimawadziwa ine."

"Ndiye ndikaluze?"

"Sindinatero."

"Watero."

Zaina anaika dzanja pamimba. "Inu ndinu katswiri," anatero, osamuyang'ana. "Mwina mukapambana ndi omwewo."

Mawu amenewo anamuwawa Wyson kuposa onse, chifukwa anaona kuti Zaina mwini wakeyo sankawakhulupirira. Anali atasankha kale, ndipo ankafuna kuti iyenso asankhe chimodzimodzi koma azioneka ngati wasankha yekha.

Chiyembekezo chimodzi chinatsala: mwina a Uladi atanganidwa ndi mafuta awo. Koma ayi ndithu. Anatuluka atavala mkanjo woyera wosita bwino ndi chisoti chopeta, mafuta onunkhira ali guu. Makatoni anati adikire, wogula aimba foni. Anayenda kutsogolo, Wyson pambuyo atanyamula bokosi lija, mpaka kukafika kuseri kwa depoti.

M'shopumo munali modzaza. Anyamata ataona munthu wamkulu wa mkanjo anatsitsa mawu, ena kubisa ndudu. Dave, poti ulemu anali nawo ndithu, anatulutsa mpando wake wofewa nauika kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa Wyson.

"Khalani apa, bambo, muziona bwino."

Wyson akanatha kumuluma. A Uladi anakhala, nayang'ana uku ndi uku mokhutira. Anaona mahedifoni a Sammy, akuda, awaya, tepi ili pa chingwe, ndipo anamwetulira momumvera chisoni mwanayo. Kenako anatenga oyera aja m'bokosi, nadina kabatani okha, namuveka Wyson kumutu ndi manja awo.

"Bismillah," anatero, namusisita paphewa.

Zitatero dziko lonse linatsekeka. Makutu a mahedifoniwo anali okhuthala, omata ngati chivundikiro. Wyson sankamvanso shopu, anthu, ngakhale mabasi a pa depoti. Ankangomva kugunda kwa gemu ndi kwa mtima wake.

Chigawo choyamba anaima pakona yake yokondedwa, pansi pa masitepe, namvetsera. Du, du, du. Sammy akubwera, koma kuchokera kuti? Anatembenukira kumanzere. Sikirini inafiira. Phokoso la mfuti imene inamupha linafika iye atagwa kale.

Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu anasiya kudalira makutu, nayamba kuthamanga ngati Sammy, kusaka ndi maso. Koma umenewo unali munda wa Sammy. Mwanayo ankalumpha, kutsetsereka, kutulukira pawindo. Wyson anapha kamodzi, mwamwayi, chifukwa ankadziwa kuti Sammy amakonda khomo lakumbuyo. Kenako anafanso kawiri motsatizana.

Dzanja linatulukira pambali n'kuika chinthu pafupi ndi kiyibodi. Mahedifoni a Dave. Akuda, awaya, pulagi ili lende, pafupi penipeni moti chala chaching'ono cha Wyson chinkawakhudza. Kuvula awa, kuvala awo, kulowetsa pulagi: ntchito yosatenga nthawi. Zigawo zinali zikadalipo zokwanira. Ankamudziwa Sammy ngati chikhatho chake. Atangomumva, akanamugwira.

Koma kumbuyo kwake kunali apongozi. Ankawamva pakhosi pake, pamene pathera tsitsi, malo aja amatentha munthu akamakuyang'ana. Ankawaona m'maganizo atakhala mowongoka, manja pa mawondo, akuyang'ana magetsi awo akuyaka pamutu pa mkamwini. Ankafuna kucheuka, kungoona nkhope yawo, mwina akanapezapo chilolezo. Khosi linakana. Chikwatirire sanawayang'anepo m'maso a Uladi, ndiye ayambe lero, pagulu, akuluza? Anakankhira mahedifoni a Dave kutali ndi chigongono.

Anafanso. Thukuta linali kamukamu, makutu akutentha m'zivundikiro zija. Wina anamugwira paphewa n'kumugwedeza. Anaona ndi kona ya diso kuti ndi Dave, pakamwa pakuyenda, dzanja likuloza kumbuyo. Wyson anadziwa, kapena anaganiza kuti akudziwa, zimene Dave ankanena: asiye za mdalayo, avale enawo. Mkwiyo wonse umene sakanatha kuutulutsira kwa a Uladi kapena kwa Zaina unapeza potulukira. Anamenya dzanja la Dave mwamphamvu, osachotsa maso pa sikirini. Dave anabwerera m'mbuyo. Sanamugwirenso.

Chigawo chomaliza Wyson anabwerera pansi pa masitepe paja. Anatsinzina, monga ankachitira masiku onse anyamata akamamuonerera. Anamvetsera ndi mtima wake wonse, kupempha makutu ake kuti amuchitire chifundo kamodzi kokha. Du, du, du, pakati pa mutu. Atatsegula maso anapeza Sammy ataima kumbuyo kwa msilikali wake, osafulumira n'komwe. Mwanayo anamupha ndi mpeni, mfuti ili kumsana.

Wyson anakweza manja navula mahedifoni aja pang'onopang'ono, mwaulemu, kuti apongozi asaone ngati akuwataya. Phokoso la shopu linamugwera lonse nthawi imodzi, anyamata akukuwa, akumunyamula Sammy. Anakonza mawu oti anene. Pepani ababa, katundu wanu ndi wabwino, lero silinali tsiku langa. Anatsetsereka pa mpando kuti agwade, natembenuka maso ali pansi.

Pansipo panalibe nsapato za a Uladi. Anakweza maso pang'ono. Pa mpando wofewa paja panali bokosi lopanda kanthu.

"Ali kuti?" anafunsa.

Dave anali atatsamira khoma, akusisita dzanja lake. "Anatuluka kalekale. Chigawo choyamba chisanathe n'komwe. Foni yawo inalira, anaimirira, basi."

"Chigawo choyamba?"

"N'chifukwa chake ndinakuikira anga pa tebulo. Ndinabwera kudzakuuza kuti mdala wapita, vala. Unandimenya." Dave anapukusa mutu. Mkwiyo unali utamuthera, panatsala chisoni, chimene chinali choipa kuposa mkwiyowo. "Ukanangocheuka, Wyson. Kamodzi kokha."

Wyson anayang'ana mpando uja. Anaupatsa ulemu wonse umene anali nawo, mpando. Anaupatsa Blantyre. Ankafuna kulira, ankafuna kuseka, ankafuna kunyamula kompyuta n'kuiponya pa msewu. Sammy anabwera kudzamugwira chanza, nanena kuti akudziwa kuti lero sanamenyane ndi Wyson weniweni. Ankanena zoona mwanayo, ndipo mwaulemu, koma mpando anatenga. Dave anali atayamba kale kumufunsa saizi ya malaya a timu.

"Tingabwereze?" Wyson anafunsa motsitsa mawu, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Ndinanena pamaso pa onse kuti wopambana lero ndi amene akwere," anatero Dave. "Ndikasintha, ndiye kukondera kuja."

Nthawi yomweyo pakhomo panada. A Uladi analowa akupukuta thukuta ndi kansalu, nkhope ili ngwee, m'dzanja muli jumbo ya mabotolo a zakumwa zozizira.

"Aa, zatha kale? Ndimati ndipeza zikadali m'kati." Anapatsa Dave jumbo ija kuti agawire anyamata. "Munthu wa mafuta uja anaimba, ndiye malonda sadikira. Watenga makatoni onse, Alhamdulillah. Komanso kunena zoona, zinthu zanuzi zimathamanga kwambiri, mutu unayamba kundizungulira. Sindimaona kuti wathu ndi uti." Anatembenukira kwa Wyson. "Nanga bwanji? Tikupita ku Blantyre?"

Wyson anagwada pa simenti, maso pa nsapato za apongozi.

"Iyayi, ababa. Ndaluza."

"Mwaluza?" A Uladi anayang'ana mahedifoni oyera aja, akuyakabe m'manja mwa Wyson. Anayang'ananso a Sammy, a tepi aja. "Kuluza kwa uyu? Ndi zingwe zakezi?" Anapumira m'mwamba. "Kapena katundu wanga anavuta penapake? Nenani, mwananga, musaope. Ngati anandinamiza mwini shopu uja ndikamubwezera."

Dave anamuyang'ana Wyson. Anyamata onse anamuyang'ana. Khomo linali lotsegula, a Uladi analitsegula okha. Koma kunena tsopano kukanabweza chiyani? Mpando unali utapita. Chotsala chinali Zaina, amene ankadikira kunyumba ataphika nkhuku.

"Katundu ndi wabwino, ababa," anatero Wyson. "Vuto ndi ine."

"Basi, ndimadziwa," anatero a Uladi, mtima uli m'malo. Anamusisita pamutu pamaso pa anthu onse. "Musadandaule. Mwina Mulungu wakuonetsani kuti zimenezi si zanu. Ndinu bambo tsopano, zamasewera asiyireni ana. Tiyeni kunyumba, njala yandipweteka."

Anatuluka. Wyson anaimirira, nabwezera mahedifoni aja m'bokosi mwake, natseka bwinobwino. Anatenganso chikwama cha apongozi chimene anachisiya pakhomo, nawatsatira pambuyo.